Mwala Umene Amayi Akuti Ndine

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga maso a amayi, mankhwala odontheza aja akuthandiza? Ine kuno ndili moyo, kungoti chifuwa sichikundisiya chifukwa cha mphepo.

Ntchito ndi yomwe ija yojambula mafunde ndi miyala. Ine amene ndinkajambula maukwati, kumakuwa kuti anthu aseke, lero ndimaswera pathanthwe kudikira funde limenye mwala. Bwana safuna munthu pachithunzi, akuti ogula amakonda nyanja yopanda anthu. Madzi amchere amathovukira pagalasi la kamera, ndikamati ndipukute, funde labwino ladutsa.

Chipinda changa chili ndi zenera limodzi, nalonso loyang'ana kunyanja komweko. Ndinapempha kuti ndibwere ndidzaone amayi maso awo asanatheretu. Bwana anayankha kuti nyengo ya mafunde aakulu sidikira munthu, ndikachoka ndisabwererenso. Chilolezo changa chokhalira kuno chinamangidwa pantchito yomweyi. Ndasowa kolowera, achemwali.

Zimene munandiuza zija zandisowetsa mtendere. Chithunzi cha nyanja chija ndinachitumiza kuti munyadire luso langa. Mwati amayi anachiyandikiza kumaso, n'kuloza mwala wakuda uli pakati pa thovu, n'kunena kuti ameneyo ndi ine, ndaima m'madzi, bwanji palibe wondivuula. Poyamba ndinaseka ndekha. Mutu wanga ndi waukulu inde, koma mpaka kufanana ndi mwala? Kuseka kunatha pamene munati akugona nacho pansi pa pilo ndipo chakudya akungochilawa.

Pempho langa ndi limodzi. Musalimbane nawo kuti ndi mwala, mukudziwa amayi sagonja pamkangano. Auzeni kuti mwana wawo waimadi pamenepo, koma madzi amangomumenya n'kubwerera, samutenga. Za tsiku lobwera musawalonjeze, chifukwa nanenso sindikulidziwa.

Dzulo ndinatsika kukauyang'anitsitsa mwalawo. Mafunde amauphimba, n'kuusiya uli pomwepo, osasuntha. Sindinganene kuti amayi analakwitsa.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa amalume ndi azakhali, ndi kwa ana onse. Amayi muwagwire dzanja m'malo mwanga.

Ndine mlongo wanu,
Chitsiriza wa amayi