Mipira Yonse Ikupita Kumanja

Lolemba, 4 Marichi

Ndinakhala pa mpando wanga wa masiku onse mu holo, mzere wachitatu, kuonerera timu ya basiketibo imene mdzukulu wanga amagwirako ntchito ikukonzekera masewero a Loweruka. Kochi watsopano wasintha ntchito ya senta, ndipo sizinandikondweretse. Kwa zaka zisanu ndi chimodzi mdzukuluyu, pokhala wamtali kuposa onse, ankaima pansi pa golo atalifulatira, kulandira mpira, kutembenuka, ndi kuuponya. Inali ntchito yomveka. Tsopano amuimika patali, pa mzere umene amaponyerapo mpira wa chilango, nkhope italoza ku golo. Mpira uyambe wafika kwa iye, anzake athamange mbali zonse ziwiri, iye asankhe woti amupatsire. Kochi akuti senta ndiye maso a timu.

Ochemerera amamutcha Nsanja. Ine dzina limenelo sindiligwiritsa ntchito.

Lachiwiri, 5 Marichi

Uphunzitsi suchoka m'thupi. Ndinalemba mzere pakati pa tsamba la kope langa, ndipo mpira uliwonse umene anapatsira ndinaulemba mbali yake. Kumanja, makumi awiri ndi itatu. Kumanzere, iwiri yokha, ndipo pa iwiriyo anayamba watembenuza mutu wonse ngati munthu wodutsa msewu.

Kumanzereko kumathamanga wosewera wamfupi amene amamutcha Udzudzu. Kasanu konse anali yekhayekha pafupi ndi golo, manja m'mwamba, koma mpira osabwera. Pomaliza anakuwa kuti, "Iwe Nsanja, ndinakulanda mkazi kodi?" Onse anaseka. Kochi anati asiye kukondera.

Ine sindinaseke. Ndinaphunzitsa zaka makumi atatu ndi zinayi, ndipo mwana wonyalanyaza ndi mwana wosaona ndimawasiyanitsa. Ndikupemphera kuti ndikhale ndalakwitsa.

Lachitatu, 6 Marichi

Chakudya cha masana ndinadyera kwa mwana wanga wamkazi, amake a mdzukuluyu. Mdzukuluyo analiponso, ndipo ndinakhala dala kumanzere kwake. Ali mkati moyankhula ndi amake, ndinanyamula kapu ya madzi ndi kuiimika pambali pa tsaya lake. Ndinawerenga chamumtima mpaka khumi ndi ziwiri. Sanaphethire n'komwe. Anadzidzimuka nditatsokomola.

Amake anati, "Bambo, masewera amenewa mwayamba liti?"

Mdzukuluyo ndinamufunsa mwaulemu za chigongono chimene chinamupeza padiso lamanzere mu Januwale. Diso linatupa sabata imodzi, kenaka anati lachira, ndipo tonse tinakhulupirira. Lero anayankha kuti, "Agogo, mwakula. Mwayamba kuona zinthu zomwe kulibe." Chibadwire sanandiyankhepo motero. Anaimirira mbale isanathe.

Lachinayi, 7 Marichi

Nditatenga mankhwala anga a kuthamanga kwa magazi ku chipatala, ndinapempha kuonana ndi dokotala wa maso. Sindinatchule munthu, ndinati ndikufunsira mnzanga. Anandifotokozera kuti kumbuyo kwa diso kuli kachikopa kopyapyala kamene kamatha kumatuka munthu akamenyedwa, ndipo mdima umayambira m'mbali ngati nsalu yotseka pazenera. Anati sangatsimikize asanamuone, koma ngati zili zimenezo, tsiku lililonse ndi lofunika, ndipo kumenyedwanso kamodzi kungathe kulizimitsa disolo.

Anaonjeza kuti, "Mnzanuyo abwere mawa, bambo, osati sabata yamawa."

Pobwerera ndinapitirira nyumba yanga ndi mageti awiri osazindikira.

Lachisanu, 8 Marichi

Lero ndaona mbali yachiwiri ya ntchito imene amupatsa. Senta akapatsira mpira sachoka. Amaima nji, miyendo yotangadza, manja atapingasa pamimba, kuti mdani amene akuthamangitsa Udzudzu adzagunde pa iye ngati pa khoma. Akagundidwa, ndiye atembenuke ndi kuthamangira ku golo kukalandira mpira. Akuti kumeneko ndi kutchinga, ndipo kochi akufuna azichita zimenezi kosalekeza mawa. Munthu woona mdani akubwera amalimbitsa thupi ndi kupatutsa nkhope. Iye kumanja anatero. Kumanzere anagundidwa katatu ngati munthu wogona, ndipo kachitatuko phewa la mnzake linadutsa pafupi kwambiri ndi tsaya lake. Awatu ndi anzake, amene amamusamala. Mawa kukubwera anthu amene sadzamumvera chisoni.

Ndinamudikira pakhonde la zipinda zovalira. Anandikokera pakona, nawerama kuti nkhope yake ifike pa yanga, ndipo sanakanenso. Anati mdimawo unayamba masabata atatu apitawo, ndipo ukukula.

"Agogo, pa benchi pali wina wa zaka makumi awiri, wamtali ngati ine. Ndikachoka sabata ino, malowo apita. Ndisewere mawa lokha, Lolemba ndidzapita ndekha. Lonjezani."

Sindinalonjeze, komanso sindinakane. Ndinangoti, "Ndamva." Ine amene, ndili hedi, ndinkaimitsa sukulu yonse padzuwa chifukwa cha bodza limodzi, ndinati, "Ndamva."

Ndikanena, adzandida, ndipo mwina ntchito yake idzathera pomwepo. Ndikapanda kunena, ndidzakhala pa mzere wachitatu ndikuwerenga kugundidwa kwake. Amake sakudziwa kanthu.

Loweruka, 9 Marichi

Ndinavala jekete ndi tayi. Nthawi ya 9 koloko m'mawa ndinagogoda pa ofesi ya kochi, kachipinda kodzaza mipira ndi majuzi osachapa. Anati, "A Hedi, lero mwalawira. Mwabwera kudzatiyendera ngati insipekitala?" Ndinamutsegulira kope. Anaona mbali ziwiri zija za tsamba kwa nthawi yaitali, nthabwala n'kutha. Ndinamuuza zonse, ndi mawu a dokotala omwe.

Anamuitanitsa. Atalowa ndi kundipeza m'menemo, mdzukulu wanga anaima pakhomo, mutu utatsala pang'ono kugunda pamwamba. Kochi anati, "Yang'ana mphuno yanga, usasunthe maso." Kenaka anakodola wothandizira wake, amene anaima kumanzere kwa mdzukuluyo, kuti aponye mpira pang'onopang'ono. Mpira unam'gunda pakhutu. Manja amene ndawaona akuwakha mipira pakati pa anthu atatu sanasunthe n'komwe. Mpirawo unadumphadumpha pansi mpaka kukaima pansi pa tebulo, ndipo palibe amene anautola.

Kochi anati, "Vula juzi. Lero sukhudza bwalo langa."

Potuluka anandiyang'ana, atatembenuza mutu wonse, nati, "Zikomo kwambiri, a Hedi." Sanati agogo.

Masewero sindinaonere. Ndamva kuti wa zaka makumi awiri uja wasewera bwino kwambiri.

Lamlungu, 10 Marichi

Ndaimba kanayi. Sakuyankha. Amake akuti wadzitsekera m'chipinda, ndipo iwonso sakundiyankhula bwino chifukwa ndinawabisira kuyambira Lachinayi. Akunena zoona.

Lolemba, 11 Marichi

Amake anaimba m'mawa kuti ali ku chipatala. Sanati ndibwere, koma ndinapita. Dokotala uja anandizindikira, nati, "Mnzanu uja ndi ameneyu?" Kachikopa kamatukadi, koma pakati pa diso sipanafikidwe. Opaleshoni ichitika 2 koloko masana. Za kuona wati pali chiyembekezo. Za kusewera wakana kulonjeza kanthu.

Mdzukulu wanga ndinamupeza pa benchi la pakhonde atavala chovala cha odwala chimene sichinafike ndi m'mawondo momwe. Amake anali atapita kukasaina mapepala. Ndinakhala kumapeto kwa benchi, kumanzere kwake, poganiza kuti kumeneko sindimusowetsa mtendere. Anamwino anadutsa ndi machira kawiri.

Kenaka, maso ali kukhoma, anati, "Agogo, bwerani mbali ino. Uko sindikukuonani."

Ndinanyamula chipewa changa ndi kusamukira kumanja.