Nsagwada za Wailesi

Lachiwiri, 4 Malichi

Kuchipatala ndi Wailesi, tsiku lake la nyamakazi. Mawondo bwinobwino, osatupa. Tikunyamuka, adokotala akuti taimani kaye. Amuuza ayasame, n'kuyeza ndi karula. Zala ziwiri zokha kulowa m'kamwa, pomwe ziyenera zitatu. Chibwano chikukhotera kumanzere. Ine bambo wake, kumuona tsiku ndi tsiku zaka zisanu ndi zinayi, osazindikira kanthu.

Akuti nyamakazi ya ana imalowanso polumikizira nsagwada, apa pafupi ndi khutu, mwakachetechete ngati chiswe. Nthawi zambiri osapweteka n'komwe. Pakufunika kujambula ndi makina a maginito aja, a MRI. Ekisileyi wamba sionetsa kutupa.

Mwana tinamutcha Wailesi chifukwa cholongolola. Matenda n'kusankha pomwepo.

Lachisanu, 7 Malichi

Kushopu ndawotcherera geti mopendama. Abwana angoliyang'ana, n'kundiyang'ana ine, n'kufunsa kuti kunyumba kwagwanji. Ndawauza. Akuti tsiku lojambulalo ndisaoneke pantchito. Mulungu awadalitse, ngakhale ali ndi kamwa.

Pachakudya ndimamuba ndi diso. Buledi amanyema tizidutswatizidutswa, nyama amasiyira mphaka. Ine ndinkati ndi mwana waulemu.

Lamlungu, 16 Malichi

Mayeso a kunyumba. Mayi ake amugoneka pansi pa tebulo, azakhali ake akumenya ndowa ndi chikombe kutsanzira phokoso la makina. Lamulo: osagwedezeka, osalankhula. Wapirira mphindi zinayi, kenako n'kufunsa ngati kuphethira n'kololedwa. Taseka mpaka misozi. Yanga sinali ya kuseka yokha.

Lachitatu, 19 Malichi

Zatheka.

Ine andikaniza kulowa. Pafomu panali funso la ntchito. Atamva kuti ndine wowotcherera zitsulo, mayi wojambula anati mwina muli katchitsulo m'diso kosadziwika, maginito angakakoke. Alowa mayi ake, atavula ndolo ndi mapini a m'tsitsi. Ine pabenchi, nsapato za mwana pamiyendo.

Phokoso kudutsa khoma, gu gu gu, ngati kushopu kwathu. Mayi wokolopa wandipeza ndagwira mutu. Waima, n'kutsamira mopu. "Mwamva kulira kwa mwana? Ayi. Ndiye bambo pumani." Sindinamufunse dzina.

Mphindi makumi anayi. Mwana anamubaya mankhwala pamkono kuti chithunzi chiwale, chakumapeto n'kumulumitsa kapulasitiki kuti kamwa ikhale yotsegula. Wojambula akuti sanabwereze ngakhale chithunzi chimodzi. Ankalankhula naye m'mahedifoni, kumuuza zotsala zingati. Manja ake adalitsike mayi ameneyo.

Potuluka Wailesi walipira ngongole yonse ya mawu, kuyambira pakhomo mpaka pokwerera basi.

Lachiwiri, 25 Malichi

Zotsatira. Adokotala atembenuza kompyuta kuti tione tonse atatu. Kumanja kuli bwino. Kumanzere kukuwala mbee, ndiko kutupako. Mutu wa fupa wayamba kuphwatalala, koma pang'ono. Akuti chaka china chikanadutsa, nkhope ikanakula mopendekeka, kutafuna n'kukhala nkhondo. "Taipeza isanazike mizu."

Mankhwala asintha. Jakisoni pakatha milungu iwiri iliyonse, ndi masewera otsegula kamwa m'mawa ndi madzulo. Mayi ake anandifinya dzanja mpaka kumva kuwawa. Panjira tinagula malalanje, basi.

Lachiwiri, 24 Juni

Miyezi itatu osalemba. Ndiye kuti zimayenda.

Karula kaja lero: mamilimita asanu owonjezera. Kuntchito mamilimita asanu ndimangopala ndi galayindala osaganiza. Lero ndinafuna kugwada pansi.

Pobwerera tinali awiri, tikuyenda pang'onopang'ono m'mphepete mwa msewu. Wailesi zii, zachilendo. Kenako akuti nsagwada inayamba kuuma kalekale, chaka chatha, makamaka m'mawa. Anabisa. Ankaopa majakisoni, komanso ankaona nkhope yanga tikamachoka kuchipatala.

Nkhope yanga.

Ndinanjuta pamaso pake anthu akudutsa. Ndinamuuza kuti nkhope ya bambo wake ndi yoipa chibadwire, asamaiwerengere. Chilichonse chopweteka azinena, kaya n'chaching'ono bwanji. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza.

"Ndiye ababa, kachala aka kakuuma kuyambira Lachisanu."

Ndinati zikomo mwanawe. Tinatembenuka, kubwerera kuchipatala adokotala asanaweruke.