Dzimbiri m'Chipilala cha Pafeteleza

Lachinayi, 6 Febuluwale. Mvula yagwa kawiri, ndipo mtima wanga sunakhazikike tsiku lonse.

M'mawa ndapeza zidutswa zisanu ndi ziwiri za konkire pansi pa chipilala cha m'chipinda chosungira katundu. Mng'alu wa pachipilalacho umene Lamlungu unali masentimita khumi lero wafika khumi ndi asanu. Ndayeza ndi rula yanga yakale yakusukulu.

Ndinaitana a Msukwa, fundi womanga wa pa Uliwa. Atagogoda ndi hamala, pulasitala anayoyoka ngati makoko a mtedza. Zitsulo zinayi zonse zam'kati mwa chipilalacho zadyeka ndi dzimbiri, chimodzi chaonda ngati pensulo.

"Mama, mumasunga chiyani apa?"

"Feteleza wa mpunga wanga wa ku Hara. Matumba asanu ndi limodzi chaka chilichonse, zaka khumi ndi zinayi."

"Ndiye mwachidyetsa mchere chipilalachi. Feteleza akanyowa amalowa m'konkire, chitsulo chimachita dzimbiri n'kutupa, konkire n'kusweka. Laimu wanuyu akungobisa matenda."

Laimuyo ndimapaka ndine, Khirisimasi iliyonse, kuti alendo asaone mng'alu.

A Msukwa akuti matumba azikhala pathabwa, kutali ndi khoma, pouma. Loweruka adzachirikiza ndi mitengo, adzapala dzimbiri, adzaonjezera zitsulo n'kuzikwirira ndi konkire wochindikala.

Koma chipilalacho chimanyamula bimu, mtanda wa konkire wogwira denga la chipinda cha amuna anga, abambo a Lusekelo, amene sayenda chiwagwireni sitiroko. Akana kusamuka m'chipindamo. Ati, "Nyumba inapirira chivomerezi, ingagwe ndi feteleza?"

Kuchokera pabedi lawo kufika pakhomo ndawerenga mapazi khumi ndi awiri, ndipo ndekha sindingawanyamule. Ndayala mphasa yanga pambali pawo. Kwatsala masiku awiri, ndipo mvula yayambanso...