Ulusi Wofiira wa Don Cirilo

Pumarani, 3 Ogasiti 2024

Mwana wanga Nélida,

Ndikhulupirira kalatayi ikupeza uli bwino ku Lima. Kodi chifuwa chija chinatha? Kuno tili bwino, bondo langa lokha ndilo likuvuta. Mbatatesi tinakumba pa 20 Meyi, matumba 31.

Lachitatu aphunzitsi a Edelmira anandiitana kusukulu kukandionetsa dzina lako pa kompyuta. Akuti ofufuza 418 atchula zimene unalemba zija m'zolemba zawo. Chaka chatha pa 9 Julayi anali 351. Ndachotsera, awonjezeka 67, ndipo ndalemba m'kope langa. Akutinso zipatala za m'mayiko 12 zikutsata njira yako, yakuti phukusi lililonse la mankhwala likhale ndi tsiku lobadwa la wodwala ndi chizindikiro chakechake, osati dzina lokha. Ndinatuluka m'sukulumo nditaiwala ndodo.

Melquíades, amene anakunyamula pa ubatizo, anandiseka kuti ndiwe dokotala wanji wosabaya ndi jakisoni yemwe, wongochiritsa mapepala. Ndinamuyankha kuti athokoze mapepalawo, chifukwa iye ndi maso akewo sasiyanitsa piritsi ndi nyemba. Anaseka mpaka kutsamwa.

Unandilembera kuti pa 6 Seputembala yunivesite ikupatsa ulemu, ndipo udzafotokoza zimene zinakulowetsa m'ntchitoyi: kuti kalaliki wa pachipatala chathu anasokoneza mankhwala, amayi ako n'kumwalira. Usanakaime pagulupo, umve kaye izi.

Ukudziwa kuti agogo ako aamuna ndi mng'ono wawo anakwatira akazi apachibale, ndipo onse awiri anatcha ana awo dzina la mayi wawo. N'chifukwa chake panali a Basilia Ccahuana Poma awiri: amayi ako, amene ankadwala kuthamanga kwa magazi, ndi amayi ako aang'ono akumtunda, a matenda a shuga.

Pa 14 Juni 2003 ndinatsika kukawatengera mankhwala onse awiri, monga ndinkachitira mwezi uliwonse. Don Cirilo, kalaliki uja, sanasokoneze kanthu. Anasolola ulusi wofiira pa mpango wake n'kumanga phukusi limodzi. Anati, "Saturnino, la ulusili ndi la Basilia wakumtunda. Usamasule."

Pobwerera, pachikweza paja, lamba wa nsapato yanga anaduka. Ndinamasula ulusiwo n'kumangira nsapato, ndikudziuza kuti ndikumbukira. Nditafika kunyumba, mapukusi anali ofanana, dzina limodzi, mapiritsi onse oyera. Ndinangolota popereka, ndipo ndinawasinthanitsa. Amayi ako aang'ono anangodwala n'kuchira. Amayi ako anamwa a shuga masiku anayi, ndipo pa 18 Juni anatisiya.

Akuluakulu a zaumoyo atabwera kudzafunsa, ndinakhala chete. Cirilo anamuchotsa ntchito pa 2 Seputembala. Iwe unali ndi zaka 15, ndipo ndinaopa maso ako.

Dzulo ndinapita kwa Cirilo. Ali ndi zaka 79 tsopano, amagulitsa buledi pakhomo pa mwana wake. Ndinamuuza zonse, ndi kuti ndikukulembera. Anandipatsa mpando, anandilalatira kuti ndakalamba ngati chishalo cha bulu, kenako anati:

"Ulusiwo ndinauona pansapato yako tsiku la maliro. Mwana anali atataya kale mayi. Ndikanamulandanso bambo?"

Atatero anafunsa za iwe. Nditamuuza za mayiko 12 aja, anandibwerezetsa katatu.

Mwana wanga, ntchito yako ndi yoona, palibe chimene kalatayi ikuchotsapo. Anthu amene sadzakudziwa n'komwe ali moyo chifukwa cha iwe, ndipo ine ndimayenda mutu uli m'mwamba. Koma zimene ukuphunzitsa mayikowo, munthu ameneyu anazichita ndi ulusi wa pampango wake. Ndikupempha, pa 6 paja umutchule dzina bwino. Ukafuna kutchula wolakwa, tchula ine. Ngati sufuna kundiona tsikulo, ndimva. Malaya oyera ndawachapa ndithu.

Ulusi uja uli m'envulopu muno, upinde kalatayi mosamala. Ndausunga zaka 21, mwezi umodzi ndi masiku 20.

Undiperekere moni kwa amuna ako a Abelardo, ndipo kamdzukulu kanga Killa ukapsompsone pamphumi. Mulungu akusunge, akudalitse manja ndi mutu womwe.

Ndine bambo ako,
Saturnino Huarcaya Taipe