Kaseti yatsalira m'wailesi yakufa ija

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Bondo lija likukuvutanibe? Ine kuno ndilipo. Chifuwa chachepako, ndipo kufakitale ndikupitabe, kungoti makina atsopano odulira mapepalawa akufuna maso a anyamata.

Katundu amene anabwera pa lole sabata yatha ndiyesa munalandira. Mwina munaganiza kuti ndikusamuka. Ayi, ndi ntchito ya mwana wanu wamkazi, namwino uja. Anabwera pa tchuthi ndi mwamuna wake, nati nyumba yadzaza kwambiri ndipo fumbi ndi limene likundidwalitsa. Akuti masiku ano anthu ozindikira akukhala ndi zinthu zochepa kuti mtima uzipepuka. Anaziona pa foni. Lamulo lake linali limodzi: chilichonse chimene sichinagwire ntchito chaka chathunthu chichoke.

Achimwene, alamu anu anatisiya miyezi khumi ndi inayi yapitayo. Werengani nokha. Chilichonse chimene iwo ankagwira chinali chitapyola kale chaka.

Masiku awiri mwanayo ankanyamula chinthu, kundionetsa, kufunsa kuti ndinachigwira liti. Ine kumangogwedeza mutu. Makina osokera, mapoto aakulu, mabotolo amene mayi ake ankatsuka n'kusunga, ndowa yobooka imene ankadzalamo maluwa. Mkamwini ankaseka kuti apongozi ake akanatha kutsegula sitolo. Pawindo panali mipando iwiri. Anasiya umodzi, poti ndimakhala ndekha. Sananame.

Tsopano m'nyumba muli bedi, tebulo, mpando, mbale ziwiri ndi kapu. Kusesa sikuchedwa. Ndikatsokomola makoma amandiyankha. Mayi woyandikana nane anasuzumira pakhomo, nafunsa ngati akuba anandiyendera. Ndinati ayi, ndi ana anga. Mwanayo amaimba foni kufunsa ngati ndikumva kupepuka, ine ndimati eya. Ndinenenso chiyani?

Pempho langa ndi limodzi. M'katoni yolembedwa kuti zamagetsi muli wailesi yakuda ya kaseti, yothyoka chogwirira. Mukuidziwa, munkaipempha kale. Inafa zaka zapitazo, kachitseko kake kanakanirira, kaseti n'kutsalira m'katimo. Ndi ija tinkajambula kuti titumize kwa malemu amayi, maso awo atasiya kuwerenga makalata. Sitinaitumize chifukwa ndinadina batani alamu anu asakudziwa. Akumvekamo akundikalipira kuti ndaponda ndi nsapato zamatope pamene angokolopa, akunditchula mdala wopanda makutu. Kenako atazindikira kuti ikujambula akuseka mpaka kutsamwa, n'kumati ndizimitse msanga, amayi angamve kuti mwana wawo akuzunzidwa kutauni. Mphindi ziwiri zokha.

Zithunzi zilipo, mwanayo anazilowetsa zonse m'foni. Koma mawu a alamu anu sali kwina kulikonse, ndipo ndayamba kuiwala mmene ankandiitanira.

Mufunsa kuti bwanji sindinakane. Mwanayo atanyamula wailesiyo ndinatsegula pakamwa, koma mkamwini anali pomwepo atagwira katoni, akudikira. Ndinachita manyazi kunena kuti munthu wa imvi ngati ine ndikusunga wailesi yakufa chifukwa muli mkazi wanga akundikalipira. Ndinati ichoke. Ndinanena ndi pakamwa panga. Chimenechi n'chimene chikundidya kuposa zonse, choncho mwanayo musamudzudzule. Sakudziwa, ndipo asadziwe.

Wailesiyo tengani, ndi yanu. Koma ndikudziwa kuti mupita nayo kwa wokonza wa pamsika uja, amene amatsegula chilichonse ndi mpeni. Musaisiye kuti mudzaitenga mawa. Muimirire pomwepo. Amasule kumbuyo pang'onopang'ono, asakoke tepi, ndipo akailumikiza ku magetsi munthu asadine batani lofiira, chifukwa limafufuta. Adzukulu anu okonda kudinadina aja asaiyandikire. Kasetiyo muikulunge m'nsalu youma, mupatse dalaivala wa lole yemweyo pobwerera. Inu musaimvere. Anali kukalipira ine.

Zina zonse gawanani mmene mukuonera. Makina osokera apite kwa mlongo wathu, singano zake zili m'kabati yakumanzere ya makinawo.

Ngati kalatayi yachedwa ndipo kaseti yaonongeka kale, musavutike kundifotokozera mmene zinachitikira. Mungolemba kuti katundu anafika bwino, ndidzamva. Ngati ili bwino, za malo oisungira zisakudetseni nkhawa. Nyumba yonse ndi malo tsopano.

Mundiperekere moni kwa alamu, mlongo wathu ndi amuna ake, azakhali, ndi adzukulu onse. Bondo limenelo mukaonetse kuchipatala, musamangolimba mtima.

Ndine mng'ono wanu,
bambo a namwino