Mwala Wanu Udakalendewera, Achemwali Ellina

Lero zakwana zaka zitatu chitisiyireni, achemwali, pa 14 Ogasiti 2022.

Anthu a kuno ku Milepa mpaka pano sanamvetse kuti munthu wophunzira masamu mpaka kunja n'kubwera kudzamangirira mwala ku legeni kuti uzilendewera pakhonde la amayi ake. Ine ndinkawayankha kuti sukulu ikachuluka imatero. Munkaseka mpaka kutsokomola, kenako n'kundikhazika pansi, ine wothawa Fomu 2. Munkati labala, phula ndi zinzake zimakumbukira kukokedwa konse kumene zinakumana nako. Mphamvu ina zimasunga n'kudzabweza, ina imasanduka kutentha n'kupitiratu, ndipo masamu anu onse aja anali ofufuza kuti yobwezekayo ndi yochuluka bwanji. Ndikatsutsa, munkandikoketsa legeni n'kundigunditsa pamlomo kuti ndimve kufunda kwake. Zaka zonsezi ndikumanga katundu ndi legeni pakabaza, osadziwa kuti sayansi ndimayenda nayo pakaliyala.

Ntchito munandipatsa ija sindinaitaye: Lamulungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, kulemba mzere pakhoma pamene mwala wafika, mpaka zaka zisanu, kenako kuchotsa mwalawo n'kuyeza mmene legeni labwererera. Koma ndiulule ziwiri. Masabata atatu a maliro anu palibe mzere, dzanja linkakana. Chinanso, tsiku lomanga chiliza chanu alamu a Cornelius anakolekapo jekete lawo lonyowa, mwala n'kutsika chala chathunthu. Ndinawatukwana m'malo mwanu, koma mwaulemu.

Amayi amasesa mozungulira mwalawo, ndipo mdzukulu woukhudza amaona zakuda. Masiku ena ndimawapeza ataima pomwepo, tsache lili m'manja, akuuuza za mvula ndi za miyendo yawo. Mwana wanu Falesi ali Fomu 4 tsopano. Makope anu anawatsekera m'sutikesi, akuti adzawatsegula akadzafika pomvetsa. Kasekedwe kake ndi kanu kenikeni, moti akayamba ine ndimatuluka panja ngati ndaitanidwa.

Zaka zisanu zija zinakwana mu Juni, achemwali. Falesi wandifunsa kawiri kuti mwala tichotsa liti, ine ndimangomunamiza kuti rula yasowa. Rula ilipo, ili kudenga. Chimene chikundivuta n'chakuti ndikachotsa mwalawo, ntchito yomaliza imene munandituma yatha, ndipo simudzanditumanso china. Ndikudziwa kuti munkadana naye munthu wowononga muyeso. Mudzandikalipire tikadzakumana, ndidzangowerama ngati kale. Lamulungu likubwerali ndikalembanso mzere.

Zokuiwalani ndiye ayi, sizidzatheka.

Ine mlongo wanu Flywell, pamodzi ndi amayi, Falesi ndi abale onse ku Milepa, Chiradzulu.