Mlandu wa mkamwini augawa pawiri

Okondedwa asuweni,

Ndikhulupirira mwendo wanu uja unapola. Kuno tadzuka, kungoti chakudya sichikulowa. Akundilembera ndi atelala oyandikana nane, koma mawu ndi anga.

Munamva kuti mkamwini wanga anamenya mwana wanga, n'kutentha shedi yanga yopalira matabwa tsiku lomwelo. Lachiwiri lapitali woweruza anagawa mlanduwo pawiri: kumenya paokha, moto paokha, masiku osiyana. Ndinaimirira n'kufunsa, "Bwana, dzanja ndi lomwelo, mukuligawa bwanji?" Wapolisi anandikhazika pansi, anthu n'kuseka. Kusukulu sindinapiteko, koma imvi zangazi sizinasekedwepo chotero.

Tsopano ndaona ubwino wogawa mlanduwo. Mwana wanga akuti akapempha kuti mlandu wa kumenyedwa kwakewo uthe. Mlomo usanapole, wayamba kale kumuperekera chakudya mwamunayo kundende, ndipo madiresi ayamba kumuthina. Zimenezo tidzakamba pamaso.

Akhululuke yekha. Mlandu wa moto ndi wanga, palibe angaukhudze. Abale a mkamwini abwera katatu ndi macheka atsopano, ndawabwezera pakhomo. Nyundo ya malemu bambo anga ndaikulunga m'nsalu, mpini wopserera choncho, ndikaiika ndekha patebulo la woweruza.

Inu mukudziwa zomwe zinali m'shedi muja. Bwerani mwezi wamawa mudzachitire umboni, mwendo usakhale chifukwa. Mwanayu wati ndikakaima m'khoti kuneneza mwamuna wake, sadzapondanso pakhomo panga. Ndamuuza kuti chitsekocho ndinakhoma ndine, katsekedwe kake ndikukadziwa.

Ndine msuweni wanu,
Mpalamatabwa